Mmene mungatsatire mbalame ndi maluwa a kutchire mvula isanagwe

Chiperoni chikangotha, chakumapeto kwa Ogasiti, tchire la kwathu kuno limayamba kusintha mvula isanadonthe n'kamodzi komwe. Mitengo ya tsamba ndi mombo imaphuka masamba ofiira, pa lupsa pamatuluka timaluwa, ndipo mbalame zimene zinasowa cha mu Epulo zimayamba kubwerera, zina kuchokera m'maiko a mu Africa momwemuno, zina kuchokera ku Ulaya. Zonsezi zimabwera motsatizana mpaka mvula yodzalira itagwa, ndipo chilichonse chili ndi masabata ake. Duwa limene mwaliphonya sabata ino mudzalionanso chaka chamawa. M'Malawi muno mwapezeka mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma malangizowa si oti muzithamangitsana ndi zonsezo. Ndi oti mudziwe bwino zochitika pamalo amodzi, ndi kulemba tsiku limene chilichonse chayamba.

Choyamba, sankhani malo amodzi apafupi

Sankhani malo amene mungafikeko wapansi kapena panjinga kamodzi pa sabata popanda kuganizira za thiransipoti. Malo abwino ndi amene zinthu ziwiri zakumana: mitengo ndi madzi, dambo ndi munda, phiri ndi mudzi. Kakhwawa kamene kamasungabe timadzi mu Okutobala kamaposa nkhalango yaikulu youma, chifukwa nyengo imeneyi cholengedwa chilichonse chimalondola madzi.

Amene ali ku Lilongwe ali ndi mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi pakati pa mzinda penipeni, ndipo akafuna ulendo wa tsiku lonse pali nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera. A ku Blantyre ali ndi phiri la Michiru. A ku Zomba ndiye anachita mwayi, chifukwa kumwamba kuli phiri, kumunsi kuli nyanja ya Chilwa, imene inaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. Koma musanyoze mitengo ya mango ya kuseri kwa sukulu, kapena dimba la m'mbali mwa mtsinje kwanuko. Munthu amene amapita pamalo amodzimodzi sabata ndi sabata ndi amene amazindikira kuti lero pali mlendo.

Jambulani m'mutu kanjira kamene muziyendamo, ka kilomita imodzi kapena awiri, ndipo muzitsata komweko ulendo uliwonse.

Chachiwiri, dziwitsani eni malo

Munthu wachilendo woima m'tchire, atatong'olera maso m'mwamba, kope lili m'manja, amakayikitsa. Ena amaganiza kuti mwabwera kudzayeza malo awo. Yambani mwakaonekera kwa a mfumu, mufotokoze chimene mukuchita, ndipo ngati n'kotheka mupemphe mnyamata mmodzi woti aziyenda nanu.

Pali nkhani ina yofunika kwambiri m'chigawo chapakati. M'midzi yambiri mitengo yachilengedwe inatsala kumanda kokha, ndipo n'kumene mbalame zimachulukira. Kumanda sikulowedwa chisawawa, ndipo kwina n'kumenenso kuli dambwe. Imani kunja, pamsewu kapena m'munda woyandikana nawo, muzionera pomwepo. Mbalame zimatulukira zokha m'mphepete mwa mitengoyo dzuwa likamatuluka.

M'nkhalango za boma funsani ku ofesi ya zankhalango za chilolezo. M'malo osungira nyama monga Liwonde, Kasungu ndi Majete simuyenda pansi popanda mlonda wa kumeneko.

Chachitatu, zonyamula

Kope laling'ono ndi pensulo ndi zimene simungachoke popanda. Madzi akumwa, chipewa, nsapato zotseka ndi thalauza lalitali. Zovala zikhale zosawala. Zoyera zimathawitsa mbalame, ndipo kumalo kumene kuli ntchentche za kaodzera pewani zakuda ndi zabuluu chifukwa zimazikopa.

Magalasi oonera patali, amene ambiri amangoti ma binoculars, amathandiza ndithu. Mukafuna kugula, yang'anani olembedwa 8x42: nambala yoyambayo ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka pafupi kasanu n'katatu, yachiwiriyo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Amene amalembedwa manambala akuluakulu monga 20x50 asakunyengeni. Amanjenjemera m'manja, ndipo pamene mukuti mupeze nthambi mbalame imakhala itapita. Ngati mulibe, yambani choncho. Anyamata a legeni amadziwa mbalame zonse za m'mudzi mwawo popanda galasi lililonse.

Chachinayi, lawirirani

Mu Okutobala dzuwa limatuluka isanakwane 5:30, ndipo mbalame zimayamba kuimba kusanache. Mukafika pamalo anu 5 koloko muli ndi maola atatu abwino. Ikamakwana 9 koloko nyenje zimakhala zatenga malo, mbalame zabisala m'mithunzi, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Yendani dzuwa lili kumsana kwanu. Mukaliyang'ana, mbalame iliyonse imaoneka yakuda.

Maluwa ndiye sathawa. Aoneni pobwerera.

Chachisanu, phunzirani kuyang'ana musanafunse dzina

Mukaona mbalame yosaidziwa, musathamangire foni kapena buku. Iyang'aneni mpaka iuluke yokha, kenako lembani. Yambani ndi msinkhu, poiyerekeza ndi mbalame zimene mukuzidziwa kale: kodi ndi yaing'ono ngati mpheta, yapakati ngati pumbwa, ngati njiwa, kapena yaikulu ngati khwangwala? Kenako mlomo: waufupi wonenepa wodyera njere, wowonda wogwirira tizilombo, kapena wautali wopindika woyamwira maluwa. Kenako mchira, kenako chimene ikuchita, ndi pamene yatera. Mtundu wa nthenga ubwere pomaliza, chifukwa ndi umene umanamiza kwambiri.

Makutu amagwira ntchito yaikulu kuposa maso. Imani phee kwa mphindi zisanu pamalo amodzi, muwerenge mawu osiyanasiyana amene mukumva. Yambani ndi kuchotsapo odziwika: njiwa, pumbwa, nthengu, nkhwali, mwiyo. Otsalawo ndi amene muwalondole. Jambulani mawuwo pafoni, ndipo kumapeto kwake mutchule nokha tsiku ndi malo. Pulogalamu ya Merlin imayesa kuzindikira mbalame pomva kulira kwake, koma mbalame za kuno imaziphonya kawirikawiri, choncho zimene yakuuzani muzitsimikize ndi maso. Ndipo musamaike mawu a mbalame pa sipika kuti ibwere pafupi. Ino ndi nyengo yoswa. Yaimuna imasiya chisa n'kumalimbana ndi mdani amene kulibe.

M'nkhalango za mitengo ya tsamba ndi mombo monga Dzalanyama muli khalidwe lina lofunika kulidziwa. Mutha kuyenda theka la ola osaona kanthu, n'kuganiza kuti oyatsa makala anamaliza zonse. Kenako mwadzidzidzi mitengo iwiri kapena itatu imadzaza ndi mbalame zamitundumitundu zikuyendera limodzi: agogomole pa thunthu, tina tating'ono m'masamba, nthengu ikudikira tizilombo tothawa. Zimadya pagulu. Mukalipeza gululo musaime pomwepo, yendani nalo pang'onopang'ono, chifukwa zonse zimene mumafuna zili mmenemo. Anthu amachokera kunja kudzafuna gogomole wotchedwa Stierling's woodpecker ku Dzalanyama, ndipo amamupeza m'magulu oterewa.

Chachisanu n'chimodzi, dziwani alendo amene mukuwadikira

Woyamba kufika ndi kabawi wa mlomo wachikasu, uja wa mchira wa mphanda amene amaupotokola uku ndi uku akamauluka. Amaonekera cha mu Ogasiti, ndipo amayi oweta nkhuku amadziwa tsiku lake kuposa wina aliyense. Afunseni.

Cha mu Seputembala ndi Okutobala mudzamva kulira kwa mawu atatu otsika, kobwerezabwereza, usana ngakhale usiku. Imeneyo ndi mbalame yotchedwa red-chested cuckoo m'mabuku. Kuiona n'kovuta, chifukwa imakhala phee pamwamba m'masamba. Simanga chisa, imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, n'kuisiyira ntchito yolera. Lembani tsiku loyamba kuimva.

Nthawi yomweyo imafika paradise flycatcher, ndipo iyi imabwera mpaka pabwalo la nyumba ngati pali mitengo ya mthunzi. Msana wake ndi wofiirira, mutu wakuda mobiriwira wokhala ndi katsumba, kuzungulira diso kuli kamzere kabuluu, ndipo yaimuna ili ndi nthenga ziwiri zazitali kumchira zimene zimagwedezeka m'mbuyo ikamauluka. Mukaona ikubwerera panthambi imodzimodzi, yang'anitsitsani pa mphanda ya nthambiyo. Mupeza kachisa kakang'ono kozungulira, komangidwa ndi timizu ndi ulusi wa kangaude, kunja kwake kutamatidwa ndere kuti kafanane ndi khungwa. Yaimuna ikakhalira mazira, mchira wonsewo umalendewera panja. Onerani patali, ndipo musaonetse ana a legeni.

Lumbe wa nthenga zazitali, wotchedwa pennant-winged nightjar m'mabuku, ndiye wofunika ulendo wapadera wamadzulo. Amachokera kumpoto kwa equator kudzaswa m'nkhalango zathu. Pitani pamalo otseguka m'mphepete mwa nkhalango dzuwa litangolowa, mukhale pansi. Wamwamuna amakhala ndi nthenga imodzi yoyera ku phiko lililonse imene imatalika kupitirira theka la mita, ndipo akamauluka m'chisisira mumayamba kuona nthengazo musanaone mbalame. Akamaliza kuswa zimathothoka. Wamkazi alibe zimenezi. Amaikira mazira pansi penipeni, pa masamba ouma, ndiye chifukwa chake moto wa mochedwa umawapweteka kwambiri.

A ku Ulaya amayamba kufika chakumapeto kwa Seputembala. European bee-eater mudzayamba kuimva musanaione: gulu likudutsa m'mwamba kwambiri likulira mofewa, pruu, pruu. Ikatera pa waya mudzaona khosi lachikasu, mimba yabuluu ndi nkhongo yofiirira. Kenako anamzeze a ku Ulaya. Apa pamafunika diso, chifukwa tili ndi anamzeze athu okhala konkuno. Wa ku Ulaya ali ndi khosi ndi chipumi zofiira moderapo, kamzere kakuda pachifuwa, mimba yoyera. Wathu wina ali ndi kapewa kofiirira pamutu, pansi ponse poyera popanda mzere, ndi timichira tiwiri towonda kwambiri. Winanso ali ndi mizeremizere pachifuwa. Athuwa ndi amene amamanga zisa zadothi pakhonde ndi pansi pa milatho. Mlendoyo samanga kuno, amangodya, ndipo madzulo amagona m'mabango pagulu lalikulu. Palinso willow warbler, kambalame kobiriwira motuwa kosakwana magalamu 10, kamene kamayenda ulendo womwewo kuchokera kumpoto kwa Ulaya n'kudzapezeka mu mtengo wa mthethe kuseri kwa nyumba yanu.

Amene ali ku Chipata kapena ku Mfuwe, m'dziko la Zambia, ali ndi chawo: mbalame zofiira za carmine bee-eater zimakumba maenje ambirimbiri m'magombe a mtsinje wa Luangwa kuyambira cha mu Seputembala, madzi asanadzaze.

Chachisanu n'chiwiri, maluwa: yambani m'mwamba, kenako pa lupsa

Mitengo ndiyo imayamba. Muwale umachita maluwa ofiira uli wopanda tsamba n'limodzi lomwe, ndipo ukaphuka simufunikanso kuyenda; khalani pansi pake, timbalame toyamwa maluwa tidzakupezani pomwepo. Mvunguti umatsegula maluwa ake ofiira moderapo usiku, mileme n'kumabwera, ndipo m'mawa mumawapeza ali mbwee pansi. Mlombwa umachita maluwa achikasu onunkhira kwa masabata ochepa okha. Mlambe umadikira mpaka cha mu Okutobala kapena Novembala, nawonso maluwa ake oyera amatseguka madzulo. Jakaranda wa m'misewu ya ku Blantyre ndi Zomba ndi mlendo wochokera ku South America, koma mulembeni ndithu, chifukwa tsiku lake loyamba ndi losavuta kuliona chaka chilichonse.

Masamba ofiira a tsamba ndi mombo si maluwa, ngakhale patali amaoneka choncho. Mitengoyi imaphuka ndi chakudya ndi madzi zimene inasunga m'mizu ndi m'thunthu. Sankhani mtengo umodzi, muuike chizindikiro m'kope, muziujambula muli pamalo amodzimodzi sabata iliyonse. Mudzaona ukuchoka pa kufiira, kupita ku mtundu wa mkuwa, mpaka kubiriwira, m'masabata ochepa chabe, pamene mnzake woyandikana naye mwina asanayambe n'komwe.

Tsopano pansi. Funani malo amene anapsa masabata awiri kapena atatu apitawo, makamaka m'mphepete mwa dambo kapena pamtunda wa udzu. Yendani pang'onopang'ono, mukuyang'ana patsogolo pa mapazi anu, pa zifukwa ziwiri: timaluwa take ndi tatifupi, ndipo mphiri siithawa munthu. Zomera zambiri za pa lupsa zili ndi thunthu kapena chinthu chonga anyezi pansi pa nthaka, pamene moto sufika. Udzu wautali ukapsa, izo zimapeza dzuwa, n'kuchita maluwa msangamsanga udzuwo usanamerenso. Mmodzi mwa iwo ndi Boophone, amene amatulutsa mutu wozungulira wa maluwa ofiirira pafupi ndi nthaka, masamba ake n'kubwera pambuyo atayalana mbali ziwiri. Musamununkhize nthawi yaitali, amapweteketsa mutu ndi maso, ndipo anyezi wake ndi poizoni. Izi sizikutanthauza kuti moto wa osaka mbewa ndi wabwino ayi. Moto wa mu Okutobala, udzu utauma kotheratu, umapha mitengo ing'onoing'ono ndi zisa zomwe.

Pojambula duwa kuti ena akuthandizeni dzina, chithunzi chimodzi sichikwana. Jambulani chomera chonse ndi malo ake, duwa kutsogolo, duwa cham'mbali, tsamba pamwamba ndi pansi, ndiponso mmene masamba alumikizirana ndi tsinde. Ikani ndalama yachitsulo kapena pensulo pambali kuti kukula kwake kudziwike. Lembani ngati dothi ndi lamchenga, lakatondo kapena lamakande, ndi ngati pamalopo panapsa. Osathyola, osakumba. Ndipo m'mbali mwa mitsinje samalani chitedze, chifukwa nyengo ino n'kuti chitauma bwino.

Chachisanu n'chitatu, tsiku la chizimalupsa siyani zina zonse

Mvula yoyamba ija ikagwa, pitani pamalo anu madzulo omwewo kapena m'mawa mwake, ngakhale silili tsiku lanu. Ngumbi zikatuluka pachulu, mbalame zimene simunazionepo pamodzi zimasonkhana: anamzeze, nthengu, akabawi, apumbwa, ngakhale zodya njere zimasiya njere. Imani chapatali ndi chulu, dzuwa kumsana. Theka la ola pamenepo limaphunzitsa zambiri kuposa mwezi wathunthu woyendayenda.

Patapita masiku ochepa fufuzani m'mithunzi, pansi pa mitengo ikuluikulu ndi m'mbali mwa zulu. Mupeza duwa lofiira lozungulira ngati mpira, pamwamba pa tsinde limodzi lamadontho, nthawi zambiri masamba asanatuluke. Ndi Scadoxus. Mukaliyandikira mudzaona kuti si duwa limodzi koma timaluwa tambirimbiri, kalikonse kali ndi timinga tofewa tofiira tokhala ndi kadontho kachikasu kunsonga. Limakhala sabata imodzi kapena ziwiri, basi. Nalonso ndi lapoizoni, choncho ana asaliseweretse. Nthawi yomweyi yang'ananinso m'minda yolimidwa kumene ndi m'mabwalo a mpira: magulu a mbalame zakuda za mimba yoyera ndi miyendo yaitali, zotchedwa Abdim's stork, zimayenda ndi mvula.

Chachisanu n'chinayi, lembani, ndipo gawanani

Ulendo uliwonse ukhale ndi tsamba lake m'kope: tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, nyengo, ndi zonse zimene mwaona, kuphatikizapo pumbwa ndi khwangwala. Kumapeto kwa kope sungani tsamba limodzi la zoyamba zokhazokha: kabawi woyamba, cuckoo woyamba kumveka, muwale woyamba, mvula yoyamba, ngumbi zoyamba. Chimene simunatsimikize chilembeni ndi chizindikiro cha funso. Kulemba kuti "kambalame kotuwa, mlomo wowonda, sindinakadziwe" kuli ndi phindu kuposa dzina longopeka.

Lembaninso maina a kwanuko monga mwawamvera kwa agogo, abusa a ng'ombe ndi asodzi, pamodzi ndi mudzi umene mwawamva. Maina amasiyana pakati pa Dedza ndi Mulanje, ndipo dzina limodzi nthawi zina limaphimba mbalame zingapo, monga zilili ndi mpheta. Mabuku ambiri a mbalame alibe mainawa.

Ngati muli ndi intaneti, mndandanda wa mbalame mutha kuuika pa eBird, imene imayendetsedwa ndi Cornell Lab of Ornithology, ndipo zithunzi za maluwa pa iNaturalist, pamene odziwa zomera amathandiza kupeza maina. Loweruka lachiwiri la Okutobala ndi tsiku lokumbukira mbalame zosamukasamuka padziko lonse, ndipo anthu m'maiko ambiri amawerenga mbalame tsiku limenelo; kwa ife limagwa pakati penipeni pa nyengo ya alendo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lili ndi nthambi m'mizinda ikuluikulu ndi makalabu m'sukulu, ndipo kuyenda m'mawa umodzi ndi munthu wodziwa kulira kwa mbalame kumafupikitsa ntchito kwambiri. Pa zomera zovuta, ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens.

Pali zinthu ziwiri zimene malo ake enieni musamaike poyera: zisa, ndi maluwa a ma orchid a pansi. Ma orchid amenewa amachuluka mvula ikakhazikika, ndipo ku Nyika, kumene kuli mitundu yoposa 200, amafika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale. Timizu tawo ndi timene amapangira chikanda, ndipo okumba amayenda mitunda italiitali kutifuna chifukwa ku Zambia msika wake ndi waukulu. Pa iNaturalist pali posankha kuti malo abisike. Sankhani pamenepo musanatumize chithunzi, ndipo pa WhatsApp kapena Facebook mungotchula boma lokha.